Nanga Wanuyo Munam'bayitsa?

Ku Ngabu anatisunga masiku anayi
m'chipinda chomwe fani yake inkangotakasa kutentha.
Ine ndinkayembekezera manambala,
mlingo wa mankhwala, kuzizira koyenera kwa bokosi.
Koma mphunzitsi, Bambo Alufandika, anafufuta bolodi
nati: Lembani mphekesera iliyonse ya katemera yomwe munamvapo,
ndipo muchonge yomwe inu eni munaikhulupirirako.

Cholembera chinandilemera ngati khasu.

Ndinalemba ya pachigayo cha pa Miseu Folo,
yoti jakisoni wa atsikana amaumitsa chiberekero
ngati mphonda yoiwalika padenga.
Ndinalemba ya m'foni, ya mawu a munthu wopanda dzina,
ija inachoka ku Nchalo n'kufika ku Marka
msanga kuposa Shire akakwiya.
Kenako, dzanja lili chinyezi,
ndinachonga.

Pajatu chaka chatha, tsiku la katemera kusukulu,
Tereziya wanga ndinam'tuma kumunda
kukapirikitsa mbalame m'mapira,
ine n'kumabaya ana a eni.

Bambo Alufandika sanandiloze chala.
Anakoka mpando, nafunsa chomwe ndinkaopa,
nadikira mpaka mawu anga atatha.
Apo m'pamene anajambula kachilombo pabolodi,
momwe kamakhalira chete m'thupi zaka ndi zaka,
ndi khomo lomwe katemera amakatsekera.
Wobayidwa adzabereka monga mnzake aliyense, anatero;
chomwe tikutchinga ndi khansa ija munaionapo mu wodi ya amayi.
Ndinaionadi. Inatenga azakhali anga ku Nsanje,
atatha ngati sopo.

Masana tinkasinthana: wina kholo lokana, wina mlangizi.
Ndinaphunzira kumeza liwu loti umbuli
lisanafike pamilomo,
kunena kuti izo sindikudziwa, ndikafunsa,
ndi kuvomera kuti mkono umawawadi
tsiku limodzi, mwina awiri.

Lero ndili kutsidya.
Bwato landitsitsa, njinga ndaikankha m'matope,
madzi oundana m'bokosi akundiwerengera maola.
Pansi pa msawu Mai Nyakhuwa akusenda nyika,
Losita wawo wabisala kuseri kwa khola la mbuzi.
Bokosi sindinatsegule. Ndakhala pamkeka.
Ndamva zomwe ananena alamu awo a ku Mutarara,
za mtsikana wa mudzi uja yemwe mpaka lero alibe mwana,
za chaka chomwe madzi anatenga nkhokwe
ufa n'kufika patatha milungu itatu.
Nanga bwanji jakisoni yekha sasochera njira? andifunsa.
Funso limenelo ndilibe yankho lake lokwana
ndipo ndawauza choncho.
Zomwe ndikudziwa ndajambula pansi ndi kamtengo,
nkhuku n'kudzapalasa theka.

Mpeni waima.
Andiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa:
Nanga wanuyo munam'bayitsa?

Chikhala chaka chatha ndikananama,
maso ali gwa.
Lero ndatulutsa kabuku ka Tereziya,
tsiku lili pomwepo, inki isanafwifwe,
ndawaululiranso za mapira ndi mbalame zija.
Aseka mpaka kutsokomola.
Ati, kani nanunso a zaumoyo mumanjenjemera!

Sanavomere ayi.
Ati ndibwere Lachinayi
bambo ake akabwerako kudambo kosodza,
ndipo kabukuko ndisakaiwale.
Losita wasuzumira ndi diso limodzi,
kenako onse awiri.

Ndabwerera ndi botolo losatsegula,
dzuwa likundiotcha pankhongo,
m'thumba muli nyika zitatu zondipatsa.
Wopalasa bwato, posunga njinga kuti isagwere m'madzi,
wafunsa kuti lero ndabaya angati.
Palibe, ndatero.
Wapukusa mutu, ati ndangotha nsapato.
Ndam'patsa ndalama yake
ndi kumuuza kuti Lachinayi asadzachoke padoko
ndisanafike.